Kodi mwini Wi-Fi ya vocha amaona chiyani tikalowa pa banki ndi pa WhatsApp?

Msungichuma_Domue
Abale, funsoli ndi la gulu lathu la alimi a mbatatesi kuno ku Dómuè, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Netiweki ya foni imavuta madzulo, ndiye mamembala ambiri akapita ku Ulónguè amagula vocha ya Wi-Fi pa shopu ina imene ili ndi Starlink, intaneti ya satelayiti. Pa Wi-Fi yomweyo timalowa mu akaunti ya banki ya gulu, timatumizirananso mapepala a mamembala pa WhatsApp, ma BI (zitupa za unzika) ndi ma NUIT (manambala a msonkho) ali momwemo. Ena akuti mwini Wi-Fi amaona chilichonse, ena akuti pakakhala kaloko pa adiresi palibe chimene angaone. Pa foni zina kalokoko sikakuonekanso. Chinanso, kompyuta ya mu ofesi ikumalemba kuti "A sua ligação não é privada" pa masamba ambiri, chenjezo loti kulumikizana sikuli kwachinsinsi, ndipo mlembi wathu amangodina Avançadas n'kupitirira. Odziwa tithandizeni, ndalama zake ndi za anthu.

Fundi_Moatize
A Msungichuma, onsewo akunena zoona, koma zoona zake ndi theka. Adiresi ikayamba ndi https, foni yanu ndi seva ya banki zimayamba zagwirizana kiyi ya ulendo umenewo wokha, ndipo chilichonse chodutsa pakati pawo sichiwerengeka kwa munthu wina. Njirayi dzina lake ndi TLS. Imene ikugwiritsidwa ntchito lero ndi TLS 1.3 ya mu 2018 ndi TLS 1.2 ya mu 2008. Zili ngati thumba losokedwa kukamwa limene mwakweza pa lole yopita ku Tete: dalaivala akudziwa amene wakweza, kumene likupita ndi kulemera kwake, koma zamkati sakuziona.

Tsono mwini Wi-Fi angaone dzina la tsamba limene mwapitako, nthawi imene mwalowa ndi kutuluka, mamega amene mwadya, dzina la foni yanu ndi nambala yake ya MAC, imene imaizindikiritsa pa Wi-Fi. Sangaone pasiwedi yanu, ndalama zimene zili mu akaunti, mawu amene mwafufuza pa Google, kapena zimene zimatsatira dzina la tsamba pa adiresi, pambuyo pa kamzere kopendekera (/). Angadziwe kuti muli pa YouTube, koma osati kanema amene mukuonera.

Dzina la tsamba limaonekera pawiri. Koyamba foni imafunsa DNS, imene ili ngati buku la maadiresi a pa intaneti, kuti tsamba lakuti lili pa IP (adiresi ya manambala) iti, ndipo funsoli limadutsa pa poti (khomo la netiweki) 53 lili poyera, ngati simunasinthe kanthu. Kachiwiri, mu uthenga woyamba umene foni imatumiza ku seva pa poti 443 muli kagawo kotchedwa SNI, kamene kamanyamula dzina la tsambalo kiyi isanapangidwe n'komwe.

Naphiri_Tsangano
Za kaloko musade nkhawa. Chrome inachotsa kachizindikiro kaja mu 2023, kuyambira pa Chrome 117, n'kuikapo timizere tiwiri tokhala ndi timipira. Mukadina pamenepo imakuuzani ngati kulumikizana kuli kotetezeka. Tsamba likakhala la http wamba, ndi pamene imalemba kuti Não seguro kapena Inseguro. Inayamba kutero mu 2018.

Kanyimbi84
Ine ndimati pa Wi-Fi ya anthu ambiri musalowepo pa banki, basi. Nkhani yatha.

Fundi_Moatize
Achimwene, langizo limenelo linali lolondola nthawi imene masamba ambiri anali a http. Lero pulogalamu ya banki yochokera ku Play Store ndi tsamba la https zimatetezeka ngakhale Wi-Fi yake ikhale ya ndani. Chimene chikundidetsa nkhawa mu funsoli si Wi-Fi ayi, ndi mlembi amene akudina Avançadas uja. Chenjezo lija ndiye chitetezo chenichenicho. Mukalidumpha, uthenga umabisidwabe, koma mwina mwagwirizana kiyi ndi munthu wolakwika.

Mphunzitsi_Zobue
Ndiyankhe za kompyuta ya mu ofesiyo. Pansi pa chenjezo pamakhala mawu a zilembo zikuluzikulu. Mlembi awawerenge kaye asanadine chilichonse, chifukwa ndi amene amanena vuto.

Akakhala NET::ERR_CERT_DATE_INVALID pa masamba onse, yang'anani wotchi ya kompyuta. Satifiketi ya tsamba lililonse, chitupa chotsimikizira kuti tsambalo ndi lenileni, ili ndi tsiku loyambira ndi tsiku lothera. Kompyuta ikamaganiza kuti tili mu 2012, satifiketi zonse imaziona ngati nthawi yake sinakwane. Kawirikawiri wolakwa ndi kabatire kozungulira ka pa bolodi, CR2032 ya mavoti 3. Kakatha, tsiku limabwerera m'mbuyo magetsi akangozima. Zimitsani kompyuta, zulani chingwe cha magetsi, tsegulani chivundikiro, kanikizani kachitsulo kogwira batire kuti katuluke, ikani katsopano mbali ya + ili pamwamba. Mukayatsa konzani tsiku mu BIOS, makonzedwe olowamo Windows isanayambe, ndipo mu Windows sankhani nthawi ya UTC+02:00 n'kuyatsa kuti izidzikonza yokha.

Akakhala ERR_CERT_COMMON_NAME_INVALID mutangolumikiza Wi-Fi, nthawi zambiri ndi tsamba lolembapo vocha limene likulowerera. Mwapempha Google, rauta yakupatsani tsamba lake, mayina sakugwirizana. Lembani kaye vocha, mukatero mutsegulenso.

Akakhala ERR_CERT_AUTHORITY_INVALID pa masamba akuluakulu, imani pomwepo. Mwina kompyuta ndi yakale kwambiri moti sikudziwa mabungwe atsopano osayinira satifiketi, mwina antivayirasi ikulowerera, mwinanso pali wina pakati. Zimitsani Wi-Fi, muyesere ndi mamega a foni. Chenjezo likachoka, vuto lili pa Wi-Fi imeneyo, ndipo musalembepo pasiwedi iliyonse.

Msungichuma_Domue
Aphunzitsi, ndaimbira mlembi. Akuti mawu ake ndi DATE_INVALID, ndipo pakona pakulemba chaka cha 2009. Kompyuta yake ndi ya Windows 7.

Mphunzitsi_Zobue
Ndi batire imeneyo. Koma Windows 7 ndi vuto linanso palokha. Microsoft inasiya kuikonza mu Januwale 2020, ndipo Chrome yomaliza imene imagwira pamenepo ndi 109 ya kumayambiriro kwa 2023. Mabowo onse amene apezeka kuchokera nthawi imeneyo ali chitsegukire. Kompyutayo izilemba makalata ndi kusindikiza, za banki muzichitira pa foni imene ikulandirabe zokonza. Ngati ili ndi RAM ya 4 GB, wodziwa angaikemo Linux Mint ndipo Firefox yatsopano igwira bwinobwino.

Vocha_Angonia
Ine ndimagulitsa mavocha, ndiye ndinene zimene wogulitsa amaonadi pa rauta ya MikroTik. Pa mndandanda wa hotspot pamaoneka nambala ya vocha, MAC, IP imene foni yapatsidwa, nthawi ndi mamega. Pa DHCP, gawo logawa ma IP, pamaoneka dzina la foni, ndipo anthu ambiri foni amaitcha dzina lawo lenileni, ndiye sinthani limenelo mu Definições, pa Acerca do telefone. Pa DNS cache pamaoneka mayina a masamba amene afunsidwa. Uthenga wa WhatsApp suoneka ngakhale pang'ono.

Chimene a Fundi sananene ndi ichi. Wi-Fi zambiri za vocha zilibe pasiwedi polumikiza, vocha imabwera pambuyo. Kutanthauza kuti mumlengalenga, pakati pa foni ndi mlongoti, palibe WPA2, chitetezo cha Wi-Fi ya pasiwedi, imene ikubisa kanthu. Munthu wina amene wakhala pa benchi ndi laputopu angathe kuona mayina a masamba omwewo amene ine ndikuona. Angathenso kuyatsa Wi-Fi yake ya dzina lofanana ndi yanga, foni zanu n'kumalumikizako zokha. Akatero sangathyolebe https, koma angakuonetseni tsamba labodza lolembapo vocha, lopempha nambala ya foni ndi PIN ya M-Pesa kapena e-Mola. Tsamba la vocha silifuna PIN yanu, ngakhale tsiku limodzi.

Kwa anzanga ogulitsa: sinthani pasiwedi ya admin, tsekani Winbox, pulogalamu yoyendetsera rauta, pa poti 8291 kuti isamafikirike kuchokera kunja kapena kwa makasitomala, zimitsani default forwarding kuti foni za makasitomala zisamaonane, ndipo RouterOS, pulogalamu ya m'kati mwa rauta, muziikweza. Mu 2018 panapezeka bowo pa Winbox limene linkalola munthu kuwerenga mapasiwedi a rauta, ndipo amene sanakweze mpaka lero akadali nalo.

Naphiri_Tsangano
Zikomo a Vocha chifukwa chonena poyera. Za MAC ndionjezere kuti kuyambira pa Android 10 ndi iOS 14 foni imapereka MAC yongopeka, yosiyana pa Wi-Fi iliyonse. Ogulitsa ena amauza kasitomala kuti azimitse zimenezi vocha ikamavuta. Ngati mwazimitsa, zimitsirani Wi-Fi imodzi yokhayo.

Kanyimbi84
Ndiye ikani VPN, pulogalamu yodutsitsa zonse mobisa pa seva ina, zonsezi zithe. Mu Novembala 2024, pamene WhatsApp ndi Facebook zinkavuta kutseguka chisankho chitatha, aliyense anaika VPN ndipo zinkatheka.

Dona_Matundo
Ayi achimwene, apa ndikutsutsani. VPN imathandiza kudutsa pamene patsekedwa, zimenezo ndi zoona. Koma sichotsa woona, imangosintha woonayo. Mukaiyatsa, mwini Wi-Fi amangoona kuti mukulumikizana ndi IP imodzi ndi kuchuluka kwa mamega. Mayina onse a masamba amene iye akanaona, tsopano akuwaona mwini VPN. Wa pa shopu mukumudziwa nkhope, mukhoza kukamudandaulira. Wa VPN yaulere imene munaitola mothamanga mu 2024 mukudziwa kuti ndi ndani, ali dziko liti, ndipo ndalama zolipirira maseva akuzipeza kuti?

Ambiri mapulogalamu aja akadali nawo m'foni. Lowani mu Definições, Rede e Internet, VPN, muone mndandanda. Chimene simukuchidziwa chichotseni. Ngati mukufunadi VPN, sankhani imene kampani yake ili ndi dzina ndi adiresi yodziwika, imene imagwiritsa ntchito njira yobisira ya WireGuard kapena OpenVPN, ndipo mapulogalamu ake anaunikidwa ndi anthu akunja. Proton VPN ili ndi gawo laulere lopanda malire a mamega, kwa amene sangathe kulipira. Dziwaninso kuti mabanki ena akaona kuti mwalowa ndi IP ya ku Ulaya amakayikira n'kukana kapena kutseka akaunti kwa kanthawi. Pa banki ya gulu ine ndingazimitse VPN.

Kanyimbi84
Nanga mafayilo a net grátis amene anyamata amagawana m'magulu aja? Si VPN yomweyo?

Dona_Matundo
Imeneyo ndiye yoipa kuposa. Fayilo ija imanamiza kampani ya foni polemba pa SNI dzina la tsamba losalipiritsa, kenako zonse zimene mukuchita zimadutsa pa seva ya munthu amene anakonza fayiloyo. Fayilo yake imakhala yokhoma, simungaone n'komwe kuti seva ili kuti. Ndi kuba mamega, nambala yanu ingatsekedwe, ndipo foni imene ili ndi akaunti ya gulu isayandikire zimenezo.

Fundi_Moatize
Kwa amene akungofuna kuti mafunso a DNS asamaoneke, pali njira yosafuna pulogalamu. Kuyambira pa Android 9: Definições, Rede e Internet, DNS privado. Pa Samsung zili pa Ligações, m'munsi pa zoonjezera. Sankhani polemba dzina, mulembe dns.quad9.net kapena one.one.one.one kapena dns.google. Mafunso amayamba kudutsa pa poti 853 ali obisika. Ya Quad9 imakananso mayina a masamba amene akudziwika kuti ndi achinyengo.

Mavuto ake ndi awiri. Pa Wi-Fi ya vocha tsamba lolembapo vocha likhoza kukana kutseguka, kapena rauta ikhoza kutseka poti 853, foni n'kumati palibe intaneti. Zikatero bwezani pa Automático, lembani vocha, muyeserenso. Lachiwiri, SNI ija ikadali poyera. Pali njira yatsopano yoibisira, dzina lake ECH, ndipo Chrome ndi Firefox zili nayo kuyambira mu 2023, koma imagwira pokhapokha tsambalo litavomereza, ndipo ambiri sanayambe. Choncho DNS privado imaletsa wina kukusocheretsani ndi yankho labodza, koma musaganize kuti mwabisala kotheratu.

Yatsaninso ichi mu Chrome: Definições, Privacidade e segurança, pamene akunena zogwiritsa ntchito kulumikizana kotetezeka nthawi zonse. Ikakumana ndi tsamba la http imayamba yakufunsani.

Mlimi_Furancungo
Pepani ndipatuke pang'ono. A Vocha, rauta yathu ya pa sukulu imazima yokha masana, makamaka mwezi wa Okutobala. Ndi vayirasi?

Vocha_Angonia
Ndi kutentha, bambo, kapena adaputala yatopa. Musaiike pafupi ndi malata kapena m'kabati yotseka. Ipachikeni pakhoma, mabowo ake asatsekeke, pasakhale pofika dzuwa. Gwirani adaputala ikazima: ngati ikuotcha dzanja, gulani ina ya mavoti ofanana, ma ampeya ofanana kapena oposerapo pang'ono. Ya 12 V 1 A mungaisinthe ndi ya 12 V 2 A, koma osati ya 19 V ya laputopu, pokhapokha pa rauta patalembedwa kuti imalola.

Fundi_Moatize
Kuno ku Moatize ndi ku Tete, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, onjezani fumbi. Muziipemerera mwezi ndi mwezi. Ndipo rauta ikabwerera pa makonzedwe a ku fakitale chifukwa cha magetsi, pasiwedi ya admin imabwereranso pa yakale ija, muziyang'ana.

Naphiri_Tsangano
Tibwerere kwa a Msungichuma, chifukwa choopsa chachikulu sitinachikhudze. Https sinena kuti mwini tsamba ndi wokhulupirika. Imangonena kuti mukulankhula ndi seva ya dzina limene lili pa adiresi. Kuyambira mu 2015 bungwe la Let's Encrypt limapereka satifiketi kwaulere kwa aliyense amene ali ndi dzina la tsamba, ndipo zimenezi ndi zabwino, koma wakuba nayenso amaipeza m'mphindi zochepa. Tsamba lobera anthu lero limakhala ndi https ngati la banki.

Phunzitsani mamembala kuwerenga adiresi. Pezani kamzere kopendekera koyamba pambuyo pa https://, muwerenge chobwerera kumanzere. Pa exemplo.co.mz/entrar mwini wake ndi exemplo.co.mz. Pa exemplo.co.mz.premio-hoje.xyz/entrar mwini wake ndi premio-hoje.xyz, zakumanzerezo ndi zongokongoletsa kuti mukhulupirire. Pa foni adiresi imaduka chifukwa cha kuchepa kwa sikirini, ndiye dinani pa adiresi muione yonse. Samalaninso zilembo zofanana: rn m'malo mwa m, 1 m'malo mwa l. Masamba a boma lathu amathera ndi gov.mz. Linki yobwera pa SMS kapena pa gulu yonena za sabuside, mphatso kapena ntchito ya ku migodi, yopempha BI ndi PIN, musaitsegule. Adiresi ya banki ilembeni nokha kamodzi, muisunge pa Favoritos, muzilowera pamenepo.

Malume_Calomue
Mayi Naphiri mwalasa. Ndipo ine ndimaona kuti *150# ya M-Pesa, *898# ya e-Mola ndi *500# ya mKesh n'zotetezeka kuposa zonsezi, chifukwa sizidutsa pa intaneti.

Fundi_Moatize
Malume, n'zoona kuti mwini Wi-Fi sangaone kalikonse ka USSD, manambala a * ndi # amenewo, chifukwa imadutsa pa mlongoti wa kampani ya foni. Koma sikuti ili ndi chitetezo choposa https. USSD ndi SMS sizibisidwa kuchokera pa foni mpaka kumapeto, ndipo pa 2G njira yobisira mawu mumlengalenga, A5/1, inathyoledwa kalekale. Ngakhale zili choncho, ndalama za anthu sizibedwa motero. Zimabedwa ndi uthenga woti ndatumiza ndalama molakwitsa mundibwezere, ndi munthu woimba foni wodzitcha wa ku kampani wopempha PIN, ndi maso a amene waima kumbuyo kwanu pa banka yotumizira ndalama, komanso ndi kusinthitsa SIM yanu. Foni ikataya netiweki mwadzidzidzi pamalo pamene anzanu a kampani yomweyo ali nayo, musadikire mawa, imbirani kampani ndi banki pa foni ina. Ikaninso PIN pa SIM yeniyeniyo. Mukalakwitsa katatu imafuna PUK ya manambala 8, imene ili pa kakhadi kamene SIM inabwera nako, ndiye kasungeni.

Malume_Calomue
Kuno kumalire netiweki imatayika pa chifukwa china. Ku Calómuè ndi ku Zóbuè foni imalumphira yokha pa TNM kapena Airtel ya ku Malawi, ndipo SMS ya kodi ya banki imachedwa kapena osafika ngati roaming siyotsegula. Musanachite mantha, lowani pa Redes móveis, zimitsani kusankha kodzichitira, musankhe Vodacom, Movitel kapena Tmcel ndi dzanja.

Mlembi_Ulongue
Funso langa ndi la foni zakale. Mamembala ena ali ndi Android 6 ndipo masamba ena akukana, wotchi ili bwino.

Mphunzitsi_Zobue
Foni za m'munsi mwa Android 7.1.1 sizidziwa muzu (satifiketi yaikulu yosayinira zinzake) wa Let's Encrypt wotchedwa ISRG Root X1. Kale zinkadalira muzu wina wakale umene unatha pa 30 Seputembala 2021, ndipo njira imene anaikapo yoti zipitirire kugwira inatha mu 2024. Firefox imabwera ndi mndandanda wakewake wa mabungwe osayinira, ndiye ngati Play Store ikulola kuiika pa foniyo, masambawo atseguka. Koma foni yoteroyo isakhale ya msungichuma.

Ndipo pamene tili pa satifiketi: munthu kapena tsamba likakuuzani kuti muike satifiketi m'foni kuti Wi-Fi igwire, kanani. Imeneyo ndiyo njira yeniyeni yothyolera https. Mukaika satifiketi ya CA (yosayinira satifiketi zina) ya munthu wina, Chrome imakhulupirira chilichonse chimene iye wasayina, ndipo chenjezo silibweranso. Kuti muone ngati ilimo, fufuzani mawu oti credenciais mu Definições, mutsegule za Utilizador. Pa foni ya munthu wamba payenera kukhala popanda kanthu. Chitani zimenezi makamaka pa foni yogula kwa munthu kapena yochokera kokonzetsa.

Dona_Matundo
Za WhatsApp sitinayankhe mokwanira, pamene mapepala a mamembala ali kumeneko. Kuyambira mu Epulo 2016 uthenga, zithunzi ndi mafoni a pa WhatsApp zimabisidwa kuchokera pa foni yanu mpaka pa foni ya wolandira. Mwini Wi-Fi sawerenga, kampani ya foni siwerenga, WhatsApp yomwe siwerenga mawuwo. Imadziwa nambala zimene zikulumikizana, nthawi, IP ndi mtundu wa foni. Pa Telegram n'zosiyana: magulu ndi macheza wamba amabisidwa pakati pa inu ndi seva yawo yokha, kupatula macheza achinsinsi amene mumachita kuyatsa.

Pamene zimatayikira ndi apa. Kope losungira limene limapita ku Google Drive silikhala ndi chitetezo chomwecho mpaka mutayatsa nokha. Lowani pa Conversas, Cópia de segurança, muyatse kubisa kwa ponta a ponta, musankhe pasiwedi kapena kiyi ya manambala ndi zilembo 64. Mukaiwala, palibe amene angakubwezereni, ndiye ilembeni papepala, lisungidwe m'bokosi la gulu. Pa Conta yatsani PIN ya manambala 6 yotsimikizira kachiwiri, kuti amene wapeza kodi ya SMS asalande akaunti. Musauze munthu kodi ya SMS imeneyo, ngakhale uthenga ubwere ndi nambala ya mlamu wanu, chifukwa mwina akaunti yake yalandidwa kale. Ma WhatsApp osinthidwa monga GB, otengedwa kunja kwa Play Store, achotseni. Simukudziwa chimene anaikamo, ndipo nambala yanu ingaletsedwe.

Vocha_Angonia
Onjezerani za malo osindikizira. Munthu amafika pa reprografia, amatsegula WhatsApp Web pa kompyuta ya pamenepo kuti asindikize BI, amalipira n'kumapita osatuluka. Macheza ake onse amatsala pa sikirini ya eni shopu. Pa foni, dinani timadontho titatu, mutsegule mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa, muchotse chilichonse chimene simukuchizindikira. Fayilo imene munaitsitsa imatsalanso mu Transferências ndi mu Reciclagem, muziuza wosindikiza aifufute inu mukuona.

Kanyimbi84
Pa kompyuta ya eni ake ndimatsegula incognito, windo yosasunga mbiri. Pamenepa ndiye musanditsutse.

Naphiri_Tsangano
Mukuchita bwino achimwene, imathandiza kuti mbiri ya masamba ndi ma cookie zisatsale mukatseka mawindo ake onse. Koma imathera pamenepo. Mwini Wi-Fi akuonabe mayina a masamba, mafayilo otsitsidwa akutsalabe, ndipo ngati m'kompyutamo muli pulogalamu yojambula mabatani amene mukudina, pasiwedi yatengedwa isanafike n'komwe pa https. Pa kompyuta ya eni ake musalowe pa banki kapena pa imelo imene banki imatumizirako kodi.

Mwana_wa_Lifidzi
Nanga lamulo likuti chiyani? Wogulitsa Wi-Fi ali ndi ufulu woyang'ana zimene tikuchita?

Dona_Matundo
Malamulo aakulu a dziko lino, pa ndime 68, amateteza nyumba, makalata ndi njira zina zolumikizirana za munthu, ndipo ndime 71 imakamba za kagwiritsidwe ntchito ka makompyuta pa mbiri za anthu. Palinso Lei 3/2017 ya zochitika za pa intaneti, imene ili ndi gawo loteteza mbiri za anthu. Za makampani a foni ndi intaneti amayang'anira ndi a INCM. Kuona mamega ndi nthawi kuti vocha ithe bwino ndi ntchito yake wogulitsa. Kutchera makasitomala kuti awerenge zawo kapena kufalitsa kumene amapita ndi nkhani ina, ndipo mungakadandaule. Gulu lanunso lili ndi udindo, a Msungichuma, chifukwa likusunga ma BI a anthu. Musawaponye pa gulu la WhatsApp la mamembala onse. Aliyense atumize kwa mlembi yekha.

Webu_Tete
Kwa amene magulu awo ali ndi tsamba lawolawo, kusowa https lero kulibe chifukwa. Dzina la tsamba liloze ku IP ya seva, poti 80 ndi 443 zikhale zotsegula, muike Certbot, pulogalamu yotengera satifiketi ya Let's Encrypt, mulembe certbot --nginx kapena --apache. Satifiketi yake imakhala masiku 90 ndipo imadzikonzanso yokha, koma yesani ndi certbot renew --dry-run, chifukwa kuyambira mu Juni 2025 Let's Encrypt inasiya kutumiza imelo yokumbutsa kuti ikutha. Zimene zimalakwika kawirikawiri: kuloza seva ku cert.pem m'malo mwa fullchain.pem, ndiye pa kompyuta zikutheka koma foni zina zikukana; kusiya zithunzi kapena ma script pa adiresi za http; kuiwala 301 yotumiza http ku https. HSTS, youza bulawuza kuti izilowa ndi https yokha, yambani ndi max-age ya masekondi 300, mukaona kuti zonse zili bwino mukweze pa 31536000, chifukwa ikagwira, bulawuza siperekanso mwayi wodumpha chenjezo. Seva ikakhala mu ofesi kuseri kwa Starlink wamba kapena modemu ya SIM, poti 80 sifikirika kuchokera kunja chifukwa cha CGNAT, kugawana IP imodzi makasitomala ambiri. Pamenepo gwiritsani ntchito njira yotsimikizira ya DNS-01.

Msungichuma_Domue
Batire tigula Loweruka ku Ulónguè. Funso lomaliza: mapepala a minda timawatumiza ngati chithunzi kapena ngati documento? Wolandira akuti chithunzi wamba sichiwerengeka.

Naphiri_Tsangano
Chithunzi wamba WhatsApp imachichepetsa, n'chifukwa chake zilembo zing'onozing'ono zimafufutika, koma imachotsanso zobisika za mkati mwa fayilo. Mukatumiza ngati documento chimapita chonse mmene chilili, pamodzi ndi tsiku, mtundu wa foni ndi malo a GPS pamene munajambulira, ngati kamera inali yololedwa kulemba malo. Pa munda mwina malowo akufunika, koma pa BI yojambulidwa kunyumba kwa membala ndiye kuti mwatumiza ndi pamene amakhala pomwe. Zimitsani localização mu Definições za kamera musanajambule, kapena gwiritsani ntchito batani la Digitalizar mu Google Drive kuti mutulutse PDF. Yalani pepala pathebulo, pafupi ndi zenera, foni ikhale pamwamba pake mowongoka, flash yozimitsa kuti pulasitiki ya BI isanyezimire. Wolandira akatsimikiza kuti wasunga, mlembi afufute mu macheza, mu Galeria, ndi mu Lixo ya Google Fotos, chifukwa zofufutidwa zimakhalamo kwa masiku ambiri.